Makapisozi a Bambo Sinditumiza

Okondedwa Achemwali,

Ndayamba ndi moni monga anatiphunzitsira malemu Mayi, ngakhale kuti pa foni paja tinasiyana osatsanzikana. Muli bwanji kumeneko? Msana uja unakusiyani, kapena mukungoupirira monga mwa masiku onse? Alamu ali bwanji, nanga ana? Koposa zonse, Bambo akudzuka bwanji? Ine kuno ndilipo. Sindikudwala, koma ndikanena kuti ndili bwino ndiye kuti ndanama. Ndatopa, kutopa kwake koti ngakhale ndigone msanga ndimadzuka ngati ndachokera kosenza njerwa.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni sitikumvana. Inu mumalankhula muli chiimire, wina akukukokani siketi, wina akulira. Ine ndimayankha ndili pakhonde la kuntchito, diso lili pa wotchi. Mapeto ake inu munati sukulu inandiumitsa mtima, ine n'kuyankha zija ndinayankhazi. Mawu amenewo sanali oyenera kwa munthu amene akuchapira ndi kuphikira Bambo tsiku ndi tsiku pamene ine ndili kutali. Pepani. Koma makapisozi amphamvu aja munati ndiwatumizire Bambo, sinditumiza. Musang'ambe kalatayi. Khalani pansi muwerenge yonse, kenako mundiweruze.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Ndinasamuka m'chipinda chachinyontho chija. Tsopano ndili pamwamba m'nyumba yosanja, ndipo masitepe ake akundimaliza mawondo. Zenera lilipo limodzi, loyang'anizana ndi khoma la nyumba ina, moti kuti ndidziwe ngati kwacha ndi dzuwa ndimachita kutulutsa mutu n'kuyang'ana kumwamba. Khomo loyandikana ndi langa kuli telala. Ndi munthu wabwino, anandisokera makatani ndisanamupemphe, koma makina ake amayamba kulira ine ndisanateleke madzi. Mpopi wa m'bafa ukudontha chilowereni changa. Mwini nyumba akuti abwera mawa, ndipo mawa limenelo lakwanitsa miyezi inayi. Kuntchito ndimakwera mabasi awiri. Yachiwiriyo ikadzaza ndimangouyamba wapansi, ndiye nsapato zija munandisankhira zatha chidendene mbali imodzi.

Inu mukamva kuti ndimagwira ntchito kuchipatala chachikulu mumaganiza kuti mankhwala ndimachita kuwapondaponda. Achemwali, kumene amasunga mankhwala ine sindinalowekomo n'kamodzi komwe. Labotale yathu ili kuseri, pansi penipeni, pafupi ndi kochapira nsalu za odwala. Odwalawo sindiwaona. Chimene chimandipeza ndi timabotolo ta mkodzo, mafinya, magazi ndi makhololo, kalikonse ndi nambala yake.

Ntchito yanga ndi ulimi, kungoti ndimalima tizilombo. Ndimatenga zomwe zabwerazo n'kuzipaka pa timbale tokhala ndi chakudya chake cha tizilomboto, n'kutsekera m'kabati yofunda ngati thupi la munthu. Mawa lake timakhala tamera, timadontho timadontho. Kenako ndimatipaka pa mbale ina n'kuyalapo timapepala tozungulira ngati mabatani a malaya, kalikonse kali ndi mankhwala akeake. Ndimadikiranso tsiku lina. Ngati mankhwala akugwira, mozungulira kapepalako mumakhala bwalo loyera ngati posesa, tizilombo sitiyandikira. Bwalolo ndimaliyeza ndi lula. Ngati mankhwala sakugwira, tizilombo timamera mpaka kukhudza kapepala, osaopa chilichonse. Zomwe ndaona ndimalembera dokotala kuti adziwe mankhwala oyenera kupereka.

Mkulu wathu timamutchula kuti a Mamilimita, chifukwa sakhulupirira diso la munthu, amakhulupirira lula. Amanena kuti ngakhale buledi kunyumba kwawo amachita kuyeza asanadule. Palinso mayi wina amene ndikufuna mumudziwe. Timawatchula Mai a Mphika, poti ndiwo amayang'anira chimphika chachitsulo chimene timaphikiramo mbale zonse tikamaliza, kuti tizilombo tife tisanatayidwe. Agwira pamenepa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Nditangofika kuno, ndisakudziwa ngakhale kokwerera basi, ndiwo anandigwira dzanja. Ndinadwala mwezi woyamba uja, munamva, koma sindinakuuzeni kuti amene anabwera kudzandiona ndi iwowa. Amanditchula Kamlendo mpaka lero.

Amuna awo ndi wowotcherera zitsulo. Miyezi itatu yapitayo chitseko chachitsulo chimene ankakonza chinawagwera pamwendo n'kuthyola fupa la pansi pa bondo. Anawachita opaleshoni m'chipatala chathu chomwechi, n'kuwaika zitsulo zogwira fupa. Zonse zinkaoneka bwino. Patatha milungu iwiri bala linayamba kutulutsa mafinya, thupi n'kutentha, ndipo jakisoni amene ankawabaya sankaphula kanthu.

Lolemba lina m'mawa Mai a Mphika anabwera ndi kabotolo ka mafinya m'manja mwawo, atakakulunga m'kapulasitiki. Si ntchito yawo imeneyo, alipo wotumikira amene amatibweretsera. Anakaika patsogolo panga n'kunena kuti awa ndi akunyumba, ndiwaone ndi maso anga awiri. Chiyambireni ntchito, aka kanali koyamba kuti nambala ya pabotolo ikhale ndi nkhope. Bamboyo ndimamudziwa, ndi amene anandiwotcherera mwendo wa bedi langa utathyoka posamuka.

Lachiwiri tizilombo tinamera, tonenepa, tonanda ngati mamina, toti ukatikhudza ndi waya timatsatira ngati ulusi. Ndinayala timapepala khumi ndi tiwiri. Lachitatu m'mawa ndinatsegula kabati. Timapepala khumi tinalibe bwalo ngakhale pang'ono. Lula sinafunikenso. Pakati pa timeneti panali ka mankhwala aja madokotala amasunga kuti akhale omaliza, ena onse akalephera. Nakonso tizilombo tinali titakazinga.

Ndinaitana a Mamilimita. Anayang'ana, n'kuyezabe ndi lula ngakhale panalibe choyeza, kenako anati tiyenera kudziwa ngati tizilomboti tili ndi enzayimu. Ndikufotokozereni. Tizilombo tina timapulumuka mankhwala pongodzitsekera kuti asalowe. Koma tina timatulutsa chinthu chimene timati enzayimu, chomwe chimaphwanya mankhwalawo asanagwire ntchito. Toterewa ndi toopsa kwambiri, chifukwa luso limenelo timatha kupatsirana ndi tinzake, ndipo timafalikira m'wodi kudzera m'manja ndi m'ziwiya. Wodwala wake amafunika kumupatula. Komanso ma enzayimuwo ali mitundumitundu. Kosungira mankhwala kuli jakisoni wina watsopano amene amagonjetsa mitundu ina, koma mtundu umodzi, umene umadalira kachitsulo kotchedwa zinki, sautha. Dokotala wa kuwodi ya mabala anali atayamba kale kufunsa za jakisoni ameneyu.

Njira yachangu yodziwira ilipo. Ndi kachipangizo konga kaja amayezera malungo. Umadonthezapo madzi a tizilombo, ndipo pakangotha mphindi khumi ndi zisanu mizere imakuuza ngati enzayimu ilipo ndi mtundu wake womwe. Koma tinali titatsala nato titatu tokha. Tina tinaitanitsidwa kalekale, mpaka lero tili m'njira. A Mamilimita anali atalamula kuti titatuto n'ta kuwodi ya makanda basi.

Ndinawapempha kachipangizo kamodzi kokha. Ndinati awa ndi amuna a Mai a Mphika, munthu wathu, amene wakhala akutitsukira mbale kuyambira ine ndili kupulaimale. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Khanda la sabata imodzi silingadikire mawa," anatero. "Bambo wa zaka makumi asanu angathe. Chitani njira yaitali."

Tsiku limenelo ndinawada, Achemwali. Ndinawada ndi mtima wanga wonse.

Njira yaitaliyo ili motere. Umasungunula tizilombo ta wodwala m'kachubu ka msuzi wake, n'kuponyamo kapepala katsopano ka mankhwala omaliza aja. Umakasiya maola anayi m'kabati. Kenako umakavuula n'kukaika pa mbale imene wapakapo tizilombo tina tofatsa, todziwika kuti mankhwalawa amatipha nthawi zonse. Umadikira mpaka mawa. Ukapeza bwalo lalikulu, ndiye kuti kapepala kanatuluka m'kachubu mphamvu zake zili zonse, enzayimu palibe. Ukapeza popanda bwalo, ndiye kuti mankhwala anaphwanyidwa, kapepala kanatuluka kali pepala chabe. Pamakhalanso kachubu kachiwiri, momwe timathiramo madzi omanga zinki uja. Ngati m'menemo mokha ndi momwe kapepala kapulumuka, wadziwa kuti enzayimu yake ndi ya mtundu wa zinki. Ndipo nthawi zonse pamakhala mboni ziwiri, machubu a tizilombo timene timasunga tokha m'firiji, tina todziwika kuti enzayimu tili nayo, tina todziwika kuti tilibe. Mboni zikanama, mlandu wonse wagwa.

Lachitatu limenelo pa tebulo panali ine ndekha. Mnzanga wina ali kutchuthi cha uchembere, wina anatumizidwa kumaphunziro. Mbale zoti ndiwerenge zinapitirira makumi asanu ndi limodzi. Foni ya kuwodi inkangolira. Lamulo ndi loti uyambe walemba pa kachubu usanathiremo kanthu. Ine ndinati ndifulumire kuti maola anayi aja ayambe msanga, ndilemba pambuyo, machubu anayi okha sangandisokoneze. Ndili mkati mothira, foni inalira. Namwino ankafuna zotsatira za munthu wina. Ndinakayang'ana m'buku, ndinamuyankha, ndinabwerera n'kulemba pa machubu monga ndinkakumbukirira.

Lachinayi ndinafika kusanatsegulidwe bwino. Ndinatulutsa mbale ya bambo uja, ndipo panali bwalo lalikulu, loyera, lokongola. Enzayimu palibe! Ndinatsala pang'ono kukuwa. Kenako ndinatenga mbale za mboni. Mboni ija yopanda enzayimu, imene bwalo lake limakhala lalikulu chaka chonse, inalibe bwalo. Zimenezo sizitheka. Ndinadziwa pomwepo kuti ndinasinthanitsa machubu, ndipo sindikanalumbiranso kuti kachubu kati kanali ka yani.

Ndikuuzeni chinthu chimene sindinauze munthu aliyense. Panali kamphindi kamene ndinaganiza zongolemba zomwe ndinaona pa mbale ya wodwalayo. Mbale za mboni sizipita kuwodi. Aliyense ankafuna yankho limenelo, dokotala, Mai a Mphika, ine ndemwe. Cholembera chinali kale m'manja. Sindinganene kuti chinandiletsa ndi ubwino wanga. Ndinangoona mwendo wa bedi langa, pamene anawotcherera paja, dzanja n'kukana.

Nditatukula mutu, Mai a Mphika anali ataima pakhomo ndi ndowa yawo. Zaka zonsezi akutsuka mbale zathu, bwalo amalidziwa. Anaona nkhope yanga ikuwala, anaionanso ikugwa.

"Bwalo lilipo, si choncho? Ndaliona ndili pano."

"Lilipo, Mayi, koma ndikukayika ngati ndi lawo. Ndinasokoneza machubu dzulo. Ndiyenera kuyambiranso."

"Kuyambiranso mpaka liti?"

"Mpaka mawa m'mawa."

"Lero m'mawa andiitana dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale," anatero. Ananyamula ndowa n'kumapita.

A Mamilimita sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandifunsa kuti dzulo lake ndinadya nthawi yanji. Ndinalephera kukumbukira. Ndinawauza kuti zikuonekeratu kuti mbale yopanda bwaloyo ndi ya wodwala, bwanji tingolemba choncho. Anati pa foni tikhoza kuuza dokotala kuti tikukayikira, amupatule wodwalayo lero lomwe, koma pa pepala la zotsatira sitilemba mawu oti mwina, ndipo za mtundu wa enzayimu sitikudziwa kanthu. Ndinapemphanso kachipangizo kaja. Ndinati kulakwa ndi kwanga, asalangidwe ndi wodwala. Anangopukusa mutu. Kenako anakoka mpando, anakhala pambali panga, n'kulemba okha pa machubu anayi atsopano ndi zilembo zawo zazing'ono zija.

Dokotala ndiye anakalipa mokwanira anthu awiri. Anati iye ali ndi munthu amene akuwotcha ngati mbaula, ine ndikusewera ndi timbale. Anati sangadikirenso, jakisoni watsopano uja anamuyamba kale dzulo, ndipo apitiriza. Ndinangoti pepani, pepani, foni ili kukhutu, maso ali pa khoma.

Lachisanu m'mawa mboni zonse ziwiri zinanena zoona. Mbale yoyamba ya bambo uja inalibe bwalo. Yachiwiri, ya kachubu komanga zinki, inali nalo. Enzayimu inalipo, ndipo inali ya mtundu womwe uja jakisoni watsopano sautha. Masiku awiri anali akubayidwa mankhwala amene tizilombo tinkangowaphwanya. Pa timapepala tiwiri tija tinatsala ndi bwalo, kamodzi kanali ka mankhwala osafika bwino m'fupa. Kachiwiriko kanali ka jakisoni wina wakalekale, amene madokotala anamusiya zaka zambiri zapitazo chifukwa amapweteka impso. A Mamilimita anamuyesa mwa njira yakeyake, napeza kuti akugwira. Anayamba ameneyo.

Kuchokera apo ntchito inachita kusefukira. Analamula kuti odwala onse a m'wodi imeneyo ayezedwe, ndi masinki omwe, ndi zitsulo za mabedi. Tinapeza tizilombo tomwe tija mwa anthu ena awiri ndi m'paipi ya sinki ya pakona. Milungu itatu ndinkangoona machubu, maola anayi, mbale, lula, mawa lake chimodzimodzi. Loweruka ndi Lamlungu lomwe, poti tizilombo sitidziwa kuti kuli kutchalitchi. Nthawi imeneyo ndi imene munkati ndikunyada, sindikuyankha foni.

Bambo wa mwendo uja ali moyo. Ndanena msanga kuti mtima wanu ukhale pansi. Koma mwendo anaudula pansi pa bondo, chifukwa fupa linali litawola. Impso nazo zinafooka ndi jakisoni uja, moti amabwera kudzayezetsa magazi mlungu uliwonse. Anatuluka mwezi watha. Ndamva kuti akufunsa anzake ngati angamupangire tebulo lalifupi loti aziwotcherera atakhala.

Funso limene likundidya ndi la tsiku limodzi lija. Ndinafunsa a Mamilimita ngati mwendowo ukanapulumuka ndikanapanda kusokoneza machubu. Anati fupa silivunda tsiku limodzi, linali litapita kale mafinya asanatifike. Mwina akunena zoona, mwina akungondipepesa. Dokotala uja tikakumana pakhonde amandipatsa moni, koma sindinalimbe mtima kumufunsa. Ndinalemba lipoti la kulakwa kwanga, lili mu failo yanga. Ndipo mlungu wotsatira womwewo, kuwodi ya makanda kunachokera magazi a ana awiri. Tinagwiritsa ntchito tizipangizo tiwiri mwa titatu tija. Mwana mmodzi anapezeka ndi enzayimu, anamusinthira mankhwala tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, ndipo anatuluka ali pamsana pa mayi wake. Ndiye onani, ngakhale a Mamilimita sindingathenso kuwada. Ndatsala wopanda womukwiyira, ndipo zimenezo n'zotopetsa kuposa mkwiyo.

Mbale za amuna awo Mai a Mphika anaziphika okha. Ndinati ndiwathandize, anakana. Anaziika m'chimphika chija imodziimodzi, anatseka, anamanga zomangira zonse, n'kuima pomwepo mpaka nthunzi itatha. Milungu ingapo sankandilankhula kupatula moni. Tsiku lina tikuvula magolovesi pa sinki anangoyamba okha. Anati tsiku lija ndikanawanamiza akanagona tulo, ndipo mpaka pano sakudziwa ngati andithokoze kapena ayi.

Kenako anandifunsa chinthu china. Anati amuna awo ankasunga makapisozi m'bokosi la zipangizo, pamodzi ndi mawaya. Kachifuwa pang'ono, awiri. M'mimba mukapota, awiri. Akadzicheka ndi lata ankatsegula kapisozi n'kuthira ufa wake pabala. Zaka ndi zaka akuchita zimenezi, osamaliza ngakhale paketi imodzi monga mwa lamulo lake. Ankafuna kudziwa ngati n'zimene zinawadyera mwendo. Ndinawauza zoona, kuti tizilomboto anatipeza m'wodi, sanabwere nato kuchokera kunyumba, ndipo si mlandu wawo. Koma ndinawauzanso zimene ndimaona pa mbale. Mankhwala omwa mwachisawawa amapha tizilombo tofooka n'kusiyira malo tolimba, ndipo m'thupi lotero tolimbato tikalowa timapeza posesasesa. Si bambo ameneyu yekha. Ndi tonsefe, m'nyumba zathu ndi m'zipatala momwe, amene takhala tikutiphunzitsa.

Tsopano ndifike pa Bambo. Munandiuza kuti chiwaikireni kapaipi ka mkodzo, aka n'kachitatu mkodzo kuwotcha ndi kununkha. Ulendo woyamba makapisozi a pagolosale anathandiza. Wachiwiri anathandiza masiku ochepa, vuto n'kubwerera. Ulendo uno amwa masiku asanu, palibe chasintha. Inu pamene munkanena zimenezi munkaona mankhwala ochepa mphamvu. Ine ndinkaona mbale yopanda bwalo. N'chifukwa chake mawu anandithawa pakamwa n'kutuluka oipa aja. Sindinali kunyada, Achemwali. Ndinali ndi mantha.

Sindikunena kuti Bambo ali ndi tizilombo tonga ta bambo uja. Mwina ndi tamba wamba, tongofuna mankhwala ena osavuta kupeza. Koma sindikudziwa, inunso simukudziwa, wa pagolosale ndiye sadziwiratu. Mankhwala amphamvu kulibe, Achemwali, alipo ndi oyenera ndi osayenera. Dokotala wophunzira, ali ndi wodwala pamaso pake, anabaya jakisoni watsopano masiku awiri osagwira. Nanga ine, ndili kuno, ndisanaone ngakhale dontho la mkodzowo, ndingalote bwanji? Ndikatumiza n'kulakwitsa, tidzakhala tataya milungu iwiri, ndipo matenda a m'chikhodzodzo akakwera kufika ku impso ndi m'magazi, munthu wa msinkhu wa Bambo sachedwa. Tsiku limodzi landisowetsa mtendere pafupifupi miyezi itatu. Milungu iwiri, pa Bambo anga, sindingaisenze.

Pempho langa ndi limodzi. Sabata ino, osati yamawa, mupite nawo Bambo kuchipatala chachikulu, chija chili ndi labotale, osati chaching'ono chapafupi. Pemphani amalume akunyamuleni pa galimoto yawo, Bambo sangathe kukhala pa benchi ya basi ndi kapaipi. Mukafika muwauze kuti vutoli labwerera kachitatu ndipo mukupempha kuti mkodzo aubzale, iwo amati kalicha, aone tizilombo ndi mankhwala amene angatiphe. Mutenge mapaketi onse a makapisozi amene Bambo amwa, ngakhale opanda kanthu, ndipo munene zoona za masiku amene amwa. Musachite manyazi, akumana nazo zambiri. Mkodzo wake atenge namwino kuchokera pa kapaipi, usakhale uja wagonera m'thumba. Mufunsenso ngati kapaipiko sikakufunika kusintha.

Adzakuuzani kuti mubwerenso patatha masiku awiri kapena atatu. Musakalipe pawindo. Kuseri kwa windo limenelo kuli wina ngati ine, ndipo tizilombo sitimera ndi kukalipa. Ngati dokotala apereka mankhwala oyembekezera, Bambo amwe monga wanenera, koma zotsatira mukazitengebe. Pepalalo likatuluka mulijambule pa foni ya alamu munditumizire, ndidzaliwerenga nanu mzere ndi mzere. Koma mukaona Bambo akunjenjemera, thupi latentha, kapena ayamba kulankhula zosokonekera, musadikire pepala, musadikire kuti kuche bwino, musandiimbire n'komwe. Nyamukani.

Ndikudziwa kuti Bambo akana. Chimwalirireni Mayi kumeneko, chipatala chija sachitchula ndi dzina lomwe, amangoti kuja. Musalimbane nawo, mukudziwa kuti mukawakoka amakhala pansi. Muwawerengere ndime iyi yokha. Bambo, ndinu munkatiyalitsa njere khumi pa chiguduli chonyowa chaka chilichonse, n'kutidikiritsa masiku asanu kuti tione zingati zimere, tisanabzale munda wonse. Ife tinkadandaula kuti anzathu ayamba kale, inu n'kumati munda sabzala ndi mwina. Ntchito imene ndimagwira kuno ndi yomweyo, ndinaiphunzira kwa inu. Lolani akuyezeni kaye. Ndine mwana wanu womaliza, sindinakupempheni kanthu chichokereni.

Tchuthi ndapempha. A Mamilimita akuti mnzanga wa uchembere uja akabwerera mwezi wamawa andimasula milungu iwiri. Ndikafika, inu mudzagone, ine ndidzachape. Ndikudziwa kuti nanunso mwatopa, mwina kuposa ine, kungoti inu mulibe womulembera kalata.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa chosinthana nanu pogona pafupi ndi Bambo. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, muwauze kuti mpango uja ndimavala kukazizira. Moni kwa ana onse. Wamkuluyo mumuuze kuti ndamva za masamu, ndipo ndikubwera ndi mafunso. Wamng'onoyo mumupsompsone pamphumi, ngakhale sandidziwa. Bambo muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Mukamayankha musavutike kufunsa ngati ndikudya. Ndikudya. Mungondilembera tsiku limene mwapita.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa Bambo